Mpweya Umene Achimwene Anakwirira

Achimwene anga, a Alton Windham, anagwira ntchito yoyendera zitsime za mafuta kuno ku Caney Hill kuyambira ali mnyamata mpaka mutu wonse utayera. Ntchitoyo ilibe zambiri. M'mawa munthu umakwera pikapu n'kulowa m'tinjira ta m'nkhalango ya paini, kuchoka pachitsime ichi kupita pa icho: kumvetsera ngati pampu ikulira bwino, kuthira girisi, kukwera pathanki kukaona pamene mafuta afika, kutsegula apa, kutseka apo. Mvula ikagwa umatitimira m'matope, kukatentha udzudzu umakudya, ndipo njoka zimakonda kugona pansi pa injini chifukwa pamafunda. Mawa lake n'chimodzimodzi. Achimwene sindinawamvepo akudandaula nayo.

Anailowa ntchitoyi chifukwa cha mtengo umene unagwera bambo athu. Bambo anali odula mitengo, ndipo chichokereni tsiku limenelo sanaimenso ndi miyendo yawo. Ine ndinali ndikadali kamtsikana, achimwene ali m'kalasi lomaliza ku sekondale. Sanafunse nzeru kwa munthu. Anakabweza mabuku kusukulu, n'kumakaima pageti la kampani ya mafuta m'mawa uliwonse mpaka kapitawo anatopa nawo n'kuwapatsa fosholo. Anayamba ndi kukumba ngalande za mapaipi. Patapita zaka anawapatsa pikapu ndi zitsime zoti aziyang'anira, ndipo anakwatira Faye, mtsikana woimba kwaya kutchalitchi kwathu. Mwana Mulungu sanawapatse.

Anali munthu wosalankhulalankhula, ndiponso wosakonda zokayikakayika. Ukawafunsa ngati kugwe mvula, ankakuyankha kuti igwa kapena siigwa. Zikapanda kuchitika monga ananenera, ankangokhala duu mpaka anthu ataiwala.

Amuna anga, a Hershel Poole, iwo pakamwa sipapuma. Anali makaniko, ali ndi galaja yawo kumsewu waukulu, komanso nkhalango ya paini imene bambo awo anawasiyira. Awiriwa anali paubwenzi ine ndisanalowepo. Ndi achimwene amene anabwera nawo kwathu kuti adzakonze thirakitala, ndipo thirakitalayo inatenga miyezi kuti ichire chifukwa makanikoyo anali ataona zina. Ankasaka limodzi agologolo ndi agwape, wina akulongolola, wina akumvera.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980 zitsime zinayamba kutha mphamvu. Mafuta analipo pansipo, koma anali atakanirira m'timabowo ta miyala, ndipo pampu zinkangokoka madzi amchere. Anthu anayamba kuchotsedwa ntchito. Apo m'pamene kampani inayala paipi yochokera kutali, yobweretsa mpweya wa kaboni, womwe uja umachita thovu ukatsegula botolo la zakumwa. Ankati ukaupopera pansi mwamphamvu umalowa m'mafuta, n'kuwafewetsa, n'kuwakankhira kuzitsime.

Tsiku loyamba, amene anapatsidwa kuti atsegule valavu, chotsegulira paipiyo, anali achimwene. Munali mu Julayi, mwezi wotentha kuno, dzuwa likuswa mtengo, koma paipi ija itayamba kulira inayera mbee ndi madzi oundana. Anthu anabwera ndi ana awo kudzaigwira. Achimwene anaima pambali manja ali m'thumba, osamwetulira, koma ine ndine mlongo wawo, ndinaona kuti mumtima akunyada.

Zitsime zinadzukadi. Amene anachotsedwa ntchito anaitanidwanso, ndipo tchalitchi tinachifolera malata atsopano. Koma sizinapite patali. Mafuta anatsika mtengo, kampani inatseka paipi ija, ndipo mpweya wochuluka unatsala komweko, pansi pa nyumba zathu, pansi pa manda, pansi pa nkhalango ya a Hershel.

Chilimwe chotsatira mitengo ya a Hershel inayamba kufiira kunsonga. Inayamba ya kumphepete kwa dambo, kenako mbali yonse yoyandikana ndi chitsime. Imeneyo inali mitengo imene apongozi anga anadzala ndi manja awo, ndipo inali itatsala pang'ono kukhwima. Mlangizi wa zankhalango anabwera, anasenda khungwa ndi mpeni, n'kuwaonetsa tinjira ta anankafumbwe a m'mitengo. Chaka chimenecho anankafumbwewo anawononga nkhalango zambiri, ngakhale kumene kunalibe chitsime n'chimodzi chomwe.

"Anankafumbwe amagwira mtengo wofooka," anatero a Hershel mlangizi atapita. "Nanga waufooketsa ndani?"

Nkhaniyo anaisunga mpaka tsiku la phwando loyamika Mulungu la mu Novembala, banja lonse lili patebulo kwathu, nkhukundembo itadulidwa kale.

"Alamu, mpweya wanu uja ukutuluka."

"Sukutuluka."

"Mitengo yanga mwaiona?"

"Ndaiona. Ndi anankafumbwe."

"Anankafumbwe anzeru bwanji, odziwa kuyambira pafupi ndi chitsime chanu!"

Achimwene anaika foloko pansi. "Pamwamba pa mpweyawo pali thanthwe losadutsa kanthu. Ndinauika ndekha. Uli pansi, monga momwe ndinauikira."

"Munatsikako n'kukauona? Kapena mabwana anu akakuuzani mumangomeza osatafuna? Munthu wosamaliza sukulu, lero mwadziwa za pansi pa dziko!"

Mawu omalizawo ndi amene anawononga zinthu. A Hershel ankadziwa bwino lomwe chimene achimwene anasiyira sukulu. Achimwene anadzuka, anatenga chipewa, n'kunena kuti, "Faye, tiye." Faye anatuluka atanyamula keke yake ya mbatata isanadulidwe n'komwe.

Kuchokera pamenepo sanalankhulanenso kwa zaka zoposa makumi atatu. Sikuti ankazembana ayi. Caney Hill ndi kamudzi kakang'ono, msewu ndi umodzi, tchalitchi n'chimodzi. Pa Khirisimasi achimwene anabwera ndithu kudzadya, chifukwa ndinawauza kuti akapanda kubwera ndikawakoka ndi khutu. Kungoti mawu onse ankadzera kwa ine, anthu atakhala moyang'anizana.

"Nelda, uwauze achimwene akowo kuti pikapu yawo ikulira ngati ili ndi chifuwa."

"Nelda, uwauze amuna akowo kuti ndamva."

M'mawa mwake pikapu inkapezeka ili pagalaja, makiyi ali pampando, ndipo pofika madzulo inkakhala itachira. Nthawi yosaka, mwendo wa gwape unkapezeka pakhonde pathu popanda wonena kumene wachokera. Faye atamwalira ndi khansa, a Hershel ananyamula nawo bokosi, ndipo kumanda analira kuposa mwini maliro. Pobwerera ndinati mumtima, lero basi zatha. Koma titangolowa m'nyumba ndinamva a Hershel akuti, "Nelda, uwafunse ngati adya."

A Hershel anadzalanso mitengo ina, ndipo inakula bwinobwino. Kampani inagulitsa zitsime kwa kampani ina, inayonso kwa ina. Chikwangwani cha pageti chinkasintha, achimwene ali pomwepo ndi tinjira tawo. Atakwana msinkhu wopuma ntchito anakana. Ankati kunyumba kulibe woti akakhale naye.

M'chaka chimenecho kunabwera mayi wina wa zasayansi wochokera ku yunivesite ina ya ku Texas, dzina lake Renata Salcido. Anali wamfupi, wa zaka ngati makumi anayi, wovala jombo zakutha ndithu. Kampani inauza achimwene kuti azimuyendetsa m'zitsime ndi kumutsegulira mavalavu. Mayiyo ankatapa gasi wotuluka m'chitsime n'kumuika m'timapaipi ta kopa, n'kutifinya mbali zonse ziwiri ndi zitsulo kuti mpweya wakunja usalowe. Madzi amchere ankawasefa, sefayo n'kuisunga m'bokosi la ayezi. Anapitanso kutsidya kwa mtsinje, ku zitsime zimene sizinapopedwepo mpweya uja, kuti akhale ndi poyerekezera.

Kuno kulibe malo odyera, choncho masana achimwene ankabwera naye kwathu. Ndinkamuphikira zimene timadya: khobwe, mpiru, chigumu, ndi tiyi wozizira.

"Kodi m'zitsimemo mukufunamo chiyani kwenikweni, mayi?" ndinamufunsa tsiku loyamba.

"Ndikufuna kudziwa kumene mpweya uja anapopera pansi kalekale uli tsopano, ndi chimene chauchitikira."

"Uli pamene ndinausiya," anatero achimwene.

"Nelda, uwauze alendowo kuti akaufune m'nkhalango mwanga," anatero a Hershel.

Mayi Salcido anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anayang'ana ine. Ndinangomuwonjezera khobwe.

M'nkhalangomo anapitadi ndi a Hershel, ndipo anayeza mpweya wa m'nthaka malo angapo. Sanapeze chachilendo. "Za lero ndikhoza kunena, bambo Poole," anawauza. "Koma za mitengo imene inafa ine ndili ku pulayimale, sindingakunamizeni kuti ndikudziwa." A Hershel anabwerako akung'ung'udza kuti anthu amenewa onse ndi amodzi.

Tsiku lina patebulo mayiyo anafunsa achimwene ngati amathira mankhwala opha tizilombo m'mapaipi.

"Timathira. Popanda mankhwalawo chitsulo chimabooka, mafuta n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Koma tizilombo timeneto n'ta m'mapaipi, tolowa ndi madzi a pamwamba. Pansi penipeni palibe chamoyo. Kulibe kuwala, kulibe mpweya wopuma, ndipo n'kotentha ngati m'ketulo."

"Ngati tiyi amene wakhala pang'ono m'kapu," anatero mayiyo. "Ndayeza. Koma tiona."

Anapita ndi mabokosi ake, ndipo tinkangoti zathera pomwepo. Patatha chaka ndi miyezi anaimba foni kuti akubwera kudzafotokozera kampani zimene wapeza, ndipo akufuna adzadutse kwathu. Anati anthu amene anamudyetsa ndi kumutsegulira mavalavu ayenera kumva kuchokera pakamwa pake.

Tinakhala patebulo lomwe lija, anthu anayi.

"Tinene kuti munapopera pansi mabotolo khumi, bambo Windham. Ena anatuluka pamodzi ndi mafuta m'zaka zonsezi, zimenezo mukuzidziwa. Ochuluka anasungunuka m'madzi amchere, ngati shuga m'tiyi uyu. Ndipo botolo limodzi kapena awiri adyedwa."

"Adyedwa ndi ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tokhala m'madzi a m'timabowo ta miyala. Takhala mmenemo kuyambira kale, zitsime zisanakumbidwe. Kuwala tilibe nako ntchito, ndipo mpweya umene anthufe timapuma ndi poizoni kwa ito. Chakudya chake ndi mpweya wa kaboni, pamodzi ndi zina zotuluka m'mafuta akamaphwanyidwa ndi tizilombo tinzake. Ndiye inu munatibweretsera phwando. Ndipo tizilomboto tikadya timatulutsa gasi woyaka, yemwe uja mumaphikira. Dzina lake ndi mitheni."

Achimwene anapukusa mutu. "Gasi woyaka analimo kale m'zitsimemo. Ine ndisanabadwe."

"Analimodi. Koma wopangidwa ndi tizilombo ali ndi chizindikiro chake chimene makina amachiona. Kuno alipo wambiri. Kutsidya kwa mtsinje, kumene simunapopereko kanthu, ndi wochepa."

"Nanga zimenezi n'zabwino kapena zoipa?" ndinafunsa ine.

"Kwa wogulitsa gasi n'zabwino. Koma masiku ano pali anthu amene akufuna kumakwirira mpweya wa kaboni m'zitsime zakale kuti usatenthetse dziko. Kwa amenewo ndi nkhani yoti aiganizire. Mitheni sasungunuka m'madzi msanga, amafuna malo aakulu, amayenda mosavuta m'miyala, ndipo akathawira kumwamba amatenthetsa dziko kuposa kaboniyo."

"Wathawa?" A Hershel anafunsa msangamsanga.

"Sindinapeze umboni woti wathawa. Komanso sindingalumbire kuti palibe ngakhale pang'ono pamene anatulukira."

Achimwene ankangoyang'ana m'kapu mwawo. Kenako a Hershel anayamba kugwedezeka mapewa, mpaka anaphulika n'kuseka, akumenya tebulo.

"Alamu! Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukuweta ziweto pansi pa nthaka? Munazipatsa chakudya, lero mukutolera ziphwisi zake n'kumagulitsa!"

Supuni inandigwa m'manja. Osati chifukwa cha mawu oipawo pamaso pa mlendo, amuna anga ndinawazolowera. Koma anati "alamu", ndipo ankayang'ana achimwene m'maso.

Achimwene anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Koma mitengo yanu sinafe ndi ine."

"Zimenezo tidzakambirana."

"Tikambirane pompano."

Anakangana mpaka tiyi kutha m'jagi, aliyense akubwereza zomwe ananena tsiku la nkhukundembo lija ngati linali dzulo. Mayi Salcido anandinong'oneza kuti, "Kodi ndalakwitsa?" Ndinati, "Ayi mayi, inu idyani."

Komabe achimwene nkhaniyi inawakhala pamtima. Kwa milungu ingapo ankangodutsa kwathu osaima. Tsiku lina masana anandipeza ndikusenda mbatata, anakhala pampando wa pakhomo, chipewa chili pabondo.

"Nelda, ndakhala ndikuuza anthu zaka zonsezi kuti uli monga ndinauikira."

"Nanga mukanadziwa bwanji, achimwene?"

"Sindikanadziwa. Koma ndinkalankhula ngati ndikudziwa."

Kenako anati akufuna akatione tizilomboto ndi maso awo. Anaimbira foni mayi Salcido, mayiyo anati bwerani. A Hershel atamva anati pikapu imeneyo singafike ku Texas popanda makaniko, choncho tinapita tonse atatu, ine ndili pakati.

Mayiyo anatilowetsa m'chipinda chodzaza ndi timabotolo totsekedwa ndi labala, muli madzi otuwa ngati otsukira mpunga. Anatenga dontho limodzi ndi jakisoni, analiika pagalasi pansi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, anatseka makatani, n'kuuza achimwene kuti asuzumire. Ine ndinasuzumira pambuyo pawo. Munali timadontho ndi timizere towala mobiriwira, tili phee mumdima.

"Ndi timeneti?" anafunsa achimwene.

"Ndi timeneto. Tachokera m'chitsime chanu chakuseri kwa manda."

"Panopa tikudya?"

"Pang'onopang'ono. Kufulumira si khalidwe lake."

Achimwene anakhalitsa pamakinapo msana utapindika. Ataweramuka anayamba kufunsa. Kodi timafa? Timaberekana bwanji? Kutentha kukafika pati sitingakhale? Mankhwala aja amathira m'mapaipi amatifika? Mayiyo ankayankha zimene ankadziwa, zina n'kunena kuti palibe amene akudziwabe. Chibadwire sindinawamve achimwene akufunsa mafunso ochuluka chotero.

A Hershel anasuzumira kamodzi kokha. "Ziphaniphani basi. Tayenda ulendo wonsewu kudzaona ziphaniphani." Koma pobwerera anauza aliyense amene tinakumana naye pomwetsa mafuta kuti alamu awo ali ndi ziweto ku yunivesite.

Patapita zaka zingapo zimene mayi Salcido ankanena zija zinatifika pakhomo. Kampani ina inafuna kubweretsa mpweya wa kaboni wochokera m'mafakitale a kumtsinje waukulu kuti idzaukwirire pansi pa dera lathu, osati kuti utulutse mafuta, koma kuti ukhale komweko mpaka kalekale. Mudzi unagawanika. Ena ankati kubwera ntchito, ena ankati tidzafa tili m'tulo. Pamakomo panadzaza zikwangwani, ndipo kutchalitchi anthu anayamba kusankha pokhala.

Munthu wina wa kampaniyo anafika kwa achimwene atanyamula dengu la zipatso. "Bambo Windham, anthu kuno amakukhulupirirani. Pamsonkhano mudzangonena kuti munachitapo zimenezi kale, ndipo palibe amene anafa." Achimwene anati adzalankhula. Otsutsa nawo anafika kwa a Hershel kuti adzafotokoze za mitengo. Amenewo sanafunike kuwapempha kawiri.

Msonkhano unachitikira m'holo ya sukulu, yodzaza mpaka anthu ena kuima m'zipupa. A Hershel anayamba. Anafotokoza za bambo awo akudzala mitengo ndi khasu, za nsonga zofiira, za phokoso la macheka podula mitengo yakufa, ndipo amayi ena anapukuta misozi. Za anankafumbwe sanatchule. Anthu anawomba m'manja kwa nthawi yaitali.

Kenako achimwene anaimirira, chipewa chili m'manja. Maikolofoni anaikana.

"Ambiri mukundidziwa. Ndine amene ndinatsegula valavu ija. Palibe munthu anafa nawo mpweyawo, zimenezo n'zoona. Koma ndinkakuuzani kuti uli pansi monga ndinauikira. Zimenezo sizoona. Wina unasungunuka m'madzi. Wina unadyedwa ndi tizilombo n'kusanduka gasi woyaka. Tizilomboto ndinationa ndi maso anga."

Anthu ena anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "A Windham, mwakalamba!"

"Ndakalambadi," anatero achimwene. Anatembenukira kutebulo la anthu a kampani. "Kumene mukufuna kuuikako n'kotentha bwanji? Madzi ake mwatunga n'kuona ngati muli zamoyo?"

Amene anayankha anali injiniya wawo, bambo wodekha wa magalasi. "Zimene mwanenazi n'zoona, bambo, ndipo tikuzidziwa. Ife tikufuna kupita pansi kwambiri kuposa pamene munafika inu. Kumeneko kulibe mafuta, ndipo tikuyembekezera kuti n'kotentha moti tizilombo timeneto sitingakhaleko. Koma madziwo sitinatunge. Chitsime choyesera sitinakumbe."

"Mukadzatunga mudzatiuza zimene mwapeza?"

"Tidzakuuzani."

"Zikomo."

Wapampando anawaimitsa asanakhale. "Ndiye bambo Windham, inu muli mbali iti? Abwere kapena asabwere?"

"Sindikudziwa," anatero achimwene, n'kukhala pansi.

Palibe mbali imene inakondwa nawo. Munthu wa dengu la zipatso uja sanaonekenso. Mayi wina wa gulu lotsutsa, amene tinakulira naye limodzi, anasiya kuwapatsa moni kutchalitchi mpaka Isitala. M'galimoto pobwerera a Hershel sanachedwe.

"Mwanditayitsa, alamu. Ine ndinawatenthetsa bwinobwino anthu aja, inu n'kudzathira madzi."

"Za anankafumbwe munazisiya kuti?"

"Nthawi inali yochepa."

"Munalankhula mpaka wapampando anayang'ana wotchi."

"Nelda, ukumva mmene achimwene akowa akundinyozera?"

"Musandilowetsemo," ndinatero. "Ntchito imeneyo ndinapuma."

Chitsime choyesera chija anachikumba chaka chotsatira, ndipo injiniya uja anasunga mawu ake: anabwera m'holo momwe muja kudzafotokoza. Madzi anali otentha monga ananenera, ndipo tizilombo ta mtundu umenewo sanatipeze. Achimwene anaimbira foni mayi Salcido kumufotokozera, mayiyo anati n'zomveka, koma chitsime chimodzi sichinena za dera lonse, ndipo adzafunika kumayezabe mpweyawo ukalowa. Achimwene ankauza choncho aliyense wowafunsa, osawonjezera, osachotsera. Ena anavomera kuti mpweya ukwiriridwe pansi pa malo awo. A Hershel anakana, ndipo mpaka lero akuti mitengo yawo inafa ndi mpweya. Nkhani ya kampaniyo ikadali m'misonkhano ndi m'makhoti, paipi sinayalidwe.

Achimwene ntchito anaisiya chaka chatha, osati mwa kufuna kwawo. Anaterereka pamakwerero a thanki kutagwa mvula, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala dokotala anati sangakhale okha, choncho tinawakonzera chipinda chakumbuyo kwathu. A Hershel anakhoma matabwa pakhonde kuti njinga ya olumala izikwera, ndipo achimwene anakhala pawindo kuwauza kuti akhoma mopendama. Zitsime zawo anapatsidwa munthu wina wochokera kutsidya kwa mtsinje, amene amaima pano nthawi zina kudzafunsa za pampu yovuta.

Tsopano akuyenda ndi ndodo. Lachiwiri lililonse a Hershel amawaperekeza kutawuni kokawongola mwendo. Dokotala anawaletsa onse awiri zokazinga, wina chifukwa cha mtima, wina chifukwa cha shuga. Pobwerera amaima pakanyumba kena ka m'mbali mwa msewu kamene amagulitsa mlamba wokazinga, ndipo akafika kuno amandiuza kuti pamzere panali anthu ambiri. Ine ndimangowaphikira mpiru wamadzulo, n'kunyika malaya awo othimbirira ndi mafuta a nsomba m'madzi a sopo.